Khoswe wa pamkhate: nthano zofufuza milandu zimene alembi akuda akulemba

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Dedza. Ndinakulira mabuku a James Hadley Chase ndi a Pacesetters, amene tinkabwerekana m'kalasi mpaka zikuto kuthothoka. Mwana wa mlongo wanga amene ali ku Britain akuti masiku ano kukutuluka nthano zazitali zofufuza milandu zolembedwa ndi anthu akuda, ndipo akufuna azinditumizira zatsopano zikamatuluka. Ndimuuze kuti azindigulira za alembi ati? Komanso ndifunse mosabisa: khungu la mlembi lili ndi ntchito yanji pa nkhani yofuna kudziwa amene wapha munthu?

Yankho: Aphunzitsi, mwana wa mlongo wanuyo wanena zoona, ndipo musamukanize. Koma ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, chifukwa likamveka mudzatha kudzisankhira nokha mabuku, ngakhale a alembi amene ine sindiwatchula pano.

Chase amene munkabwerekanayo anali Mngelezi wobadwira ku London, dzina lake lenileni René Raymond. Nkhani zake zambiri zimachitikira ku America, koma iye sanakhazikikeko. Ankalemba ali ndi mapu a mizinda ya kumeneko ndi buku lomasulira mawu a m'misewu ya ku America. Komabe tonse tinkachezera naye pa koloboyi mpaka mafuta kutha. Choncho sindinganene kuti khungu kapena dziko la mlembi ndi limene limakometsa nkhani. Chimene mapu sangamuphunzitse munthu ndi mantha amene amagwira mayi wa ku Harlem kapena ku Watts, madera a anthu akuda m'mizinda ya New York ndi Los Angeles, galimoto ya apolisi ikaima pakhomo pake usiku. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Kumbukirani mmene nthano yotere imayendera m'mabuku a Agatha Christie. Mudzi uli phee, aliyense akudziwa malo ake. Munthu aphedwa. Abwera wofufuza wanzeru, afunsa uyu, afunsa uyo, aona phulusa la fodya pamene ena sanaone kanthu, kenako asonkhanitsa onse pabalaza n'kuloza wolakwa. Apolisi amunjata, khoti lichita mbali yake, mudzi ubwerera mwakale. Kukoma kwa nkhani yotereyi kwatsamira pa chikhulupiriro chimodzi chimene mlembi sachitchula n'komwe, chakuti choonadi chikangodziwika lamulo ligwira ntchito mosayang'ana nkhope. Munthu wakuda wa ku America, amene anakhala pansi pa malamulo a tsankho mpaka 1964, amene abale ake ankapachikidwa pamtengo popanda wina womangidwa, sakanatha kulemba zimenezo ndi mtima woona. Kwa iye mudzi sunakhalepo phee chiyambire. Ndiye alembi amenewa anatenga chigoba cha nthano yofufuza mlandu n'kuikamo funso lina. Lakale linali lakuti wapha ndani. Iwo anawonjezera lachiwiri, lolemera kuposa loyambalo: tamudziwa wakuphayo, nanga tikamunenere kwa yani? Akuluakulu athu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mabuku amene ndimawakonda kwambiri mwa alembi amenewa ndi nkhani za khoswe ameneyo ndi mkhate umene wakhalapo.

Izi sizinayambe dzulo ayi. Pauline Hopkins anasindikiza nthano yaifupi yofufuza mlandu, Talma Gordon, mu 1900. Mu 1932 dokotala wina wa ku New York, Rudolph Fisher, anatulutsa The Conjure-Man Dies, nkhani ya sing'anga wochokera ku Africa, wophunzira ku Harvard, amene ankawombeza ku Harlem n'kupezeka atafa pampando wake anthu ofuna chithandizo akudikira panja. Posakhalitsa mtembowo usowa. Wapolisi wofufuza ndi wakuda, dokotala womuthandiza ndi wakuda, onse oganiziridwa ndi akuda. Fisher anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo ndimadandaula ndikaganiza mabuku amene anapita nawo kumanda.

Amene anatsegula njira yaikulu ndi Chester Himes. Iye anamangidwa mu 1928 pa mlandu wakuba ndi mfuti ali mnyamata wa zaka 19, ndipo anayamba kulemba ali m'ndende ku Ohio. Atatopa ndi tsankho anasamukira ku France mu 1953. Kumeneko mkonzi Marcel Duhamel anamupempha kuti alembe nthano za apolisi, ndipo yoyamba yomweyo inapata mphoto yaikulu ya ku France ya mabuku otere mu 1958. Apolisi ake awiri ali ndi mayina oopsa, Coffin Ed Johnson ndi Grave Digger Jones. Wina dzina lake ndi bokosi la maliro, winayo ife tikanati mdzukulu. Si anthu ofatsa. Amamenya, amaopseza, ndipo amadziwa bwino kuti ntchito imene anawalembera ndi yoteteza mtendere wa azungu okhala kutali ndi Harlem. M'buku lomaliza la apolisiwa limene Himes anamaliza kulilemba, Blind Man with a Pistol la mu 1969, mlandu suthetsedwa n'komwe. Owerenga ena zimawakwiyitsa. Ine ndimaona kuti anafika pamene sakanathanso kunamizira kuti kumanga munthu mmodzi kungachiritse Harlem.

Tsopano ndibwere kwa amene mwana wa mlongo wanu angawapeze mosavuta.

Walter Mosley ndiye mkulu wa onse amene akulembabe. Buku lake Devil in a Blue Dress linatuluka mu 1990, ndipo mwina munaonerapo filimu yake ya mu 1995 momwe muli Denzel Washington. Nkhani ikuchitika mu 1948 ku Los Angeles. Easy Rawlins, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wachotsedwa ntchito pa fakitale ya ndege, ndipo tsiku lolipira ngongole ya nyumba yake layandikira. Mzungu wina amupatsa madola 100 kuti akamufunire mkazi amene amakonda kucheza m'mabala a anthu akuda, kumene mzungu sangalowe n'kufunsa mafunso. Taonani chimene chamukankhira Easy m'nkhaniyi. Si chilungamo, si ulemerero wa ntchito. Ndi kanyumba kake ka mitengo ya zipatso pabwalo, chinthu choyamba chimene anakhalapo nacho chakechake. Aliyense amene anaumbapo njerwa, kuziwotcha, n'kumagula malata limodzilimodzi pa malipiro a mwezi amumvetsa munthu ameneyu. Apolisi akamutenga samufunsa ngati mboni, amamumenya m'kachipinda. Choncho zimene wapeza amazisunga, amaziyeza, n'kusankha zoti anene ndi zoti akwirire. Mosley wakhala akumukalambitsa Easy pang'onopang'ono buku ndi buku, kudutsa zipolowe za ku Watts za mu 1965, ndipo Farewell, Amethystine la mu 2024 likumupeza mu 1970. Ukawerenga onse motsatana umakhala wawerenga mbiri ya anthu akuda a mumzinda umenewo. Ndiwonjezere kuti buku loyamba limene Mosley analemba lokhudza Easy, Gone Fishin', makampani osindikiza analikana poganiza kuti silingagulidwe, ndipo linadzatuluka mu 1997 iye atatchuka kale. Munthu yemweyo mu 2016 bungwe la Mystery Writers of America linamupatsa ulemu wake waukulu koposa wa Grand Master.

Koma mukanati ndisankhe mlembi mmodzi wa ku America amene wowerenga wa kuno angamumve m'mafupa, ndikanasankha Barbara Neely. Wofufuza wake, Blanche White, ndi mayi wantchito wapakhomo. Mu Blanche on the Lam, buku la mu 1992, khoti la ku North Carolina lamugamula kuti akakhale kundende masiku 30 chifukwa macheke ake anabwerera, pamene chifukwa chenicheni n'chakuti mabwana ake sanamulipire. Blanche athawa, ndipo malo amene asankha kubisala ndi nyumba ya azungu olemera, monga wantchito. Nzeru yake ndi yakuti palibe amene amayang'ana nkhope ya wantchito. Tonse tikudziwa kuti m'nyumba zambiri za ku Area 10 kapena ku Namiwawa munthu amene amadziwa zonse ndi amene amachapa zovala, kuyala bedi ndi kutaya zinyalala. Amadziwa amene sanagone pakhomo, amene akumwa mankhwala mobisa, amene analira usiku. Eni nyumba amalankhula iye ali pomwepo ngati kuti ndi mpando. Neely anatenga kunyozeka kumeneko n'kukusandutsa chida chofufuzira. Ndipo Blanche sangathamangire kupolisi ndi zimene wapeza, popeza iyenso akufunidwa, komanso akudziwa kuti m'nyumba yotere kanthu kakalakwika woyamba kulozedwa chala ndi wantchito. Neely analemba mabuku anayi okha a Blanche, ndipo anamwalira mu March 2020, chaka chomwe anapatsidwa ulemu wa Grand Master. Kwa iye sitikudikiranso chatsopano, koma musamudumphe.

Mwa amene ali pachimake pa ntchito yawo lero, awiri ndi amene ndimafunsa za iwo chaka chilichonse. Woyamba ndi Attica Locke wa ku Houston. Buku lake Bluebird, Bluebird la mu 2017 linapata mphoto ya Edgar, mphoto yaikulu ya ku America ya nthano zofufuza milandu, mu 2018. Mpangankhani wake Darren Mathews ndi wapolisi wakuda m'gulu lotchuka la Texas Rangers. Analeredwa ndi abale a bambo ake awiri, amapasa: wina anali wapolisi wokhulupirira kuti yunifomu ingateteze anthu akuda, winayo katswiri wa malamulo wokhulupirira kuti anthu akuda ndi ofunika kutetezedwa kwa ovala yunifomuwo. Mawu a anthu awiriwa amakangana m'mutu mwa Darren nkhani yonse. M'katauni kakang'ono ka kum'mawa kwa Texas mwapezeka mitembo iwiri mumtsinje, wa loya wakuda wochokera ku Chicago ndi wa mtsikana wachizungu wa komweko. Apolisi a m'deralo ali kalikiliki ndi imfa ya mtsikanayo, ya loya uja akuiyesa ngozi. Locke anatseka nkhani ya Darren ndi buku lachitatu, Guide Me Home, mu 2024, ndiye chimene adzatulutse kutsogoloku ndikuchiyembekezera ndi mtima wonse. Ali ndi khutu lomva mmene anthu akumudzi amalankhulira mozungulira, osatchula chinthu chimene aliyense akuchidziwa.

Wachiwiri ndi S. A. Cosby wa kumidzi ya ku Virginia, amene kwa inu okonda Chase ndi amene adzakukumbutseni usiku wa koloboyi uja. Blacktop Wasteland la mu 2020 ndi nkhani ya makaniko amene galaja yake ikugwa, ngongole zamuzinga, amayi ake akufuna kuchotsedwa kumalo osamalira okalamba, pamene iye ali ndi luso limodzi limene analumbira kuti analisiya, loyendetsa galimoto yothawitsa akuba. All the Sinners Bleed la mu 2023 likunena za munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala mkulu wa apolisi m'dera lake, amene azungu samukhulupirira ndipo akuda anzake amamukayikira. King of Ashes linatuluka mu 2025. Cosby amatulutsa mabuku pafupipafupi, choncho ameneyu mwana wa mlongo wanu azimutchera khutu. Koma ndikuchenjezeni pa ziwiri. Mabuku ake ali ndi magazi ambiri, nthawi zina opitirira pamene nkhani ikanawafuna, ndipo si oti mukawasiye mulaibulale ya sukulu ana a Fomu 1 akawapeze. Chachiwiri, Razorblade Tears la mu 2021 ndi nkhani ya abambo awiri, wakuda ndi mzungu, onse otuluka kundende, amene ana awo aamuna anakwatirana kenako n'kuphedwa. Abambowo anali atawakana ana awo ali moyo, ndipo buku lonse ndi la chisoni cha munthu amene wachedwa kupepesa. Ndakuuziranitu kuti mudziwe chimene mukutsegula. Kwa ine ndi limene lili ndi mtima kuposa onse amene analemba.

Si onse amene amalemba zolemera chotere. Kellye Garrett anayamba ndi nthano zoseketsa za ku Hollywood mu 2017, ngakhale kuti buku lake la mu 2024, Missing White Woman, likufunsa chifukwa chimene dziko lonse limatekeseka mkazi wachizungu akasowa, pamene wakuda akasowa nyuzipepala zimangoti zii. Ku Britain komweko kuli Nadine Matheson, loya wa milandu yaupandu, amene wapolisi wake Anjelica Henley amagwira ntchito kum'mwera chakum'mawa kwa London. Mabuku ake mwana wa mlongo wanu awapeza m'sitolo iliyonse ya mabuku.

Apa ndiime kaye pa mawu oti alembi akuda. Ndi mawu a m'masitolo a mabuku a ku America ndi ku Britain, kumene akuda ndi ochepa ndipo kwa zaka zambiri ankavutika kuti awasindikize. Ku Lagos, ku Accra kapena ku Gaborone palibe amene amadzitchula choncho. Wapolisi ndi wakuda, woweruza ndi wakuda, wakuba ndi wakuda. Mungaganize kuti ndiye funso lija lakuti tikamunenere kwa yani latha. Silinathe, langosintha nkhope. Mkhate wa kuno si khungu, koma ndalama, udindo, chibale ndi mantha a zamatsenga.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupatsa anthu ndi cha Botswana. Mwina mwamvapo za Precious Ramotswe, mayi wofufuza milandu wa m'mabuku a Alexander McCall Smith, mzungu wobadwira ku Bulawayo, amene loyamba lake linatuluka mu 1998. Ndi mabuku okoma, ofatsa, a tiyi ndi ulemu, ndipo mlembiyo dzikolo amalikonda moona. Patangopita zaka zinayi, mu 2002, Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza wa khoti lalikulu la Botswana, anatulutsa The Screaming of the Innocent. Dziko ndi lomwelo, koma ungayese ndi maiko awiri. Kamtsikana ka zaka 12 kasowa m'mudzi. Apolisi auza amayi ake kuti kadyedwa ndi zilombo, n'kutseka failo. Wowerenga akudziwa kuyambira masamba oyambirira kuti kaphedwa pofuna zizimba, ndipo akuwadziwanso amene achita: munthu wamalonda wolemekezeka, mfumu, ndi mmodzi wa akuluakulu a pasukulu. Patatha zaka zisanu, mtsikana wina amene watumizidwa kukathandiza pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo apeza katoni ya zovala zamagazi m'chipinda chosungira katundu. Mlandu suola. Koma chimene chimakugwira pakhosi si kufuna kudziwa wakupha. Ndi kuona mmene ofesi iliyonse, kuyambira kupolisi mpaka kulikulu la boma, ikuyesetsera kuti katoniyo isowenso. Dow analemba ali ndi chithunzi cha zimene zinachitikadi kwawo ku Mochudi mu 1994, pamene mtsikana wasukulu Segametsi Mogomotsi anaphedwa motero, ophunzira n'kuchita zionetsero chifukwa palibe amene analangidwa. Sindikunena kuti McCall Smith ananama. Ndikunena kuti pali zinthu zimene mlendo wokonda dziko amazilambalala mwaulemu, pamene mwini mudzi amene wakhala pampando woweruza sangathe kuzilambalala. Ife amene takhala tikumva za kuphedwa kwa abale athu achialubino, milandu n'kumachedwa m'makhoti zaka ndi zaka, buku limeneli sitiliwerenga ngati nkhani ya kutali.

Chimodzimodzi Femi Kayode wa ku Nigeria, amene amakhala ku Namibia. Lightseekers la mu 2021 linaphuka pa zimene zinachitika ku Aluu pafupi ndi Port Harcourt mu October 2012, pamene ophunzira anayi a payunivesite anamenyedwa ndi kuwotchedwa ndi gulu la anthu atanamiziridwa kuba. M'bukumo ophunzira ndi atatu, ndipo imfa yawo inajambulidwa pa foni n'kufalikira pa intaneti. Nkhope za opha zikuoneka bwinobwino. Ndiye bambo wa mmodzi wa anyamatawo sakufuna kudziwa kuti ndani. Alemba ntchito Philip Taiwo, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, kuti akapeze chifukwa chake. Kodi mudzi wonse wa anthu opemphera, ogulitsa tomato, olera ana, umasanduka bwanji chilombo m'mawa umodzi? Ndani anayamba kukuwa kuti wakuba, ndipo anapindulanji? Amene mukukumbukira mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, ndi anthu osalakwa amene anafera mphekeserazo, mudziwa kuti funso limeneli ndi lathu lomwe. Kayode anatulutsa buku lachiwiri la Taiwo, Gaslight, mu 2023, lokhudza bishopu wa tchalitchi chachikulu amene mkazi wake wasowa. Mwa alembi onse a ku Africa kuno, ameneyu ndi amene ndikumuyang'anira kunjira kwambiri.

Ena ndingowatchula mothamanga. Kwei Quartey wa ku Ghana, dokotala amene anagwira ntchito zaka zambiri ku California, amalemba mokhulupirika pafupifupi chaka ndi chaka. Mtsikana wake wofufuza, Emma Djan, anayamba mu 2020 ndi nkhani ya anyamata obera azungu pa intaneti, amene ku Ghana amawatchula a sakawa. Oyinkan Braithwaite analemba My Sister, the Serial Killer mu 2018, kabuku kafupi koti mungamalize Loweruka limodzi, ka namwino wa ku Lagos amene amakolopa magazi mng'ono wake akapha zibwenzi zake. Angela Makholwa wa ku South Africa anayamba ndi Red Ink mu 2007. Ndipo Petina Gappah wa ku Zimbabwe, amenenso ndi loya, mu The Book of Memory la mu 2015 akutipatsa mayi wachialubino amene akudikira kunyongedwa kundende ya Chikurubi ku Harare, akulemba mmene anafikira kumeneko.

Pali chimodzi chimene chimandiwawa m'mabuku ena a ku Africa osindikizidwa ku London ndi ku New York. Mlembi amaima pakati pa nkhani n'kuyamba kufotokoza chakudya, moni kapena mwambo wa maliro, zinthu zimene mpangankhani wobadwira pomwepo sangaime kuti aziganizire. Ukaona zimenezo umadziwa kuti bukulo likulankhula ndi mlendo, iwe wangokhala womvera nawo. Sizichititsa buku kukhala loipa, koma zimaziziritsa nkhani. N'chifukwa chake ndimalemekeza Muhammed Said Abdulla wa ku Zanzibar, amene mu 1960 anatulutsa Mzimu wa Watu wa Kale m'Chiswahili, wofufuza wake Bwana Msa akusuta kaliwo wake n'kumasula mlandu pakati pa anthu olankhula chinenero chake chomwe. Sanafunike kumasulira kanthu kwa wina aliyense. Inu amene mumaphunzitsa nthano zazitali m'kalasi mukudziwa kuti Chichewa chili ndi zonse zofunika pa ntchito yotere: mboni yoyankha ndi mwambi pofuna kuzemba funso, bwalo la mfumu, adzukulu amene amaona mtembo ena onse asanauone, anamfedwa amene akulira koma akuyang'anana.

Nanga zatsopano muzizidziwa bwanji? Njira yosavuta ndi kutsatira mlembi, osati phokoso la otsatsa malonda. Alembi ambiri a nthano zotere amalemba mndandanda wa mabuku a wofufuza mmodzi, ndipo lotsatira limabwera pakatha chaka kapena ziwiri. Mukamukonda Emma Djan kapena Philip Taiwo, mwadziwa kale chimene mukudikira. Yambirani buku loyamba la mndandandawo, chifukwa otsatirawo amaulula zimene zinachitika m'mbuyo. Mayina a mabuku amene akupikisana pa mphoto za Edgar amalengezedwa mu January chaka chilichonse, ndipo ku Britain kuli mphoto zotchedwa Dagger. Mindandanda imeneyi imapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo kawirikawiri mabuku amene sanapambane amakhala okoma chimodzimodzi ndi lopambanalo. Kulinso gulu la Crime Writers of Color limene Kellye Garrett, Walter Mosley ndi Gigi Pandian anayambitsa mu 2018, ndipo tsamba lawo limaonetsa alembi ambiri amene mayina awo sanamveke kutali. Kwa a ku Africa, yang'anirani kampani ya Cassava Republic ya ku Abuja, imene ili ndi ofesi ku London ndipo inasindikiza Leye Adenle ndi nkhani zake za usiku wa ku Lagos.

Pa nkhani ya ndalama, muuzeni mwanayo asathamangire buku likangotuluka. Ku Britain ndi ku America buku limayamba kutuluka ndi chikuto cholimba, lokwera mtengo komanso lolemera m'chikwama. Pakatha miyezi ingapo mpaka chaka limatulukanso ndi chikuto chofewa pamtengo wotsika kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabuku akale monga a Himes, Neely ndi oyambirira a Mosley angawafunefune m'masitolo ogulitsa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, amene ku Britain ali m'tauni iliyonse. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi. Mabuku amenewa amayendayenda pa WhatsApp ngati mafailo obedwa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, poti mabuku kuno ndi odula komanso osowa. Koma kampani yosindikiza ikafuna kuganiza zopatsa mlembi mgwirizano wa buku lotsatira, imayang'ana chiwerengero cha mabuku amene anagulidwa. Mosley failo yobedwa singamugwetse. Mlembi wa ku Lagos kapena ku Gaborone amene watulutsa buku lake loyamba ingamutsekere lachiwiri limene inu mukulidikiralo. Popeza muli ndi m'bale wofuna kugula, muloleni agule.

Phukusi loyamba likhale la mabuku anayi: Devil in a Blue Dress, Blanche on the Lam, Lightseekers ndi The Screaming of the Innocent. Mukawerenga amenewa mudzadziwa mbali imene mtima wanu wapendekera, ndipo zatsopano muziitanitsa potsata mbali imeneyo. Ngati mwasowa liwiro la Chase, phukusi lachiwiri liyambe ndi Cosby. La Neely ndi la Dow mungathe kuwerenga ndi ophunzira a Fomu 3 ndi 4, ngakhale kuti la Dow muyambe mwaliwerenga nokha mpaka tsamba lomaliza musanalipereke kwa mwana, chifukwa mathero ake ndi opweteka. Limeneli ndi limene lingamuvute mwana wa mlongo wanu kulipeza, popeza linayamba kusindikizidwa ndi kampani yaing'ono ya ku Australia, Spinifex Press, ndipo m'masitolo wamba silikhalamo kawirikawiri. Muuzeni alifufuze pa intaneti kwa ogulitsa mabuku akale, ndipo akalipeza asalisiye.